Manyuchi a gingerbread: ndigule mabotolo 200 ndikagulitse pa Khirisimasi?

Funso: Alangizi, ndimakhala ku Leicester ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Chaka chatha ndinaphika manyuchi a gingerbread, aja othira mu khofi ndi mu tiyi wamkaka nyengo yozizira, n'kugawira anzanga kuntchito ndi kutchalitchi. Ambiri akuti chaka chino ndiwagulitse. Ndasunga £400. Ndikufuna kugula mabotolo 200 nthawi imodzi poti amatchipa ukagula ambiri, ndilipirenso tebulo pamsika wa Khirisimasi. Mchemwali wanga wa ku Limbe naye akuti ndimuphunzitse azigulitsa kumeneko. Kodi mmenemu muli ndalama? (Mayi wa ku Leicester)

Yankho: Mayi, ndalama zilimo, koma n'zochepa, ndipo zimabwera kwa milungu pafupifupi isanu ndi umodzi basi. Kuyambira pakati pa Novembala anthu ku Britain amafuna chilichonse chonunkhira jinja ndi sinamoni, n'chifukwa chake malo ogulitsa khofi monga Starbucks ndi Costa amatulutsa khofi wa gingerbread nthawi imeneyo. Pofika pa 26 Disembala chilakolakocho chimakhala chatha. Botolo lomwe latsala tsiku limenelo mudzamwa nokha. Choncho mabotolo 200 aja musagule. Yambani mwalemba maoda.

Tiyambe ndi zam'poto, chifukwa mtengo umachokera mmenemo. Thirani madzi okwana 600ml m'poto, muikemo jinja wamuwisi wodula mopyapyala wokwana 100g, timitengo titatu ta sinamoni, ma cloves asanu kapena asanu ndi limodzi, ndi nutmeg pang'ono. Ziwire pamoto wochepa kwa mphindi 15, madziwo atsike kufika cha m'ma 500ml. Apo ndiye muthire shuga 1kg, theka woyera theka wabulawuni, ndi masupuni awiri a black treacle (manyuchi akuda ochokera ku nzimbe), yemwe amapereka mtundu wakuda ndi kakomedwe kowawirako ka keke ya gingerbread. Takasani mpaka shuga yense asungunuke, phulani, sefani pa kansalu koyera. Mupeza manyuchi opitirira pang'ono lita imodzi, kutanthauza mabotolo anayi a 250ml.

Muyeso wa magawo awiri a shuga pa gawo limodzi la madzi musausinthe pofuna kupulumutsa shuga. Maphikidwe ambiri a pa intaneti amati kapu ya shuga pa kapu ya madzi. Amenewo ndi abwino kwa munthu womwa yekha kunyumba, koma amachita chuku msanga, ndipo kasitomala amene wapeza chuku m'botolo lomwe anafuna kupatsa apongozi ake sadzabweranso. Shuga wambiri ndi amene amamanga madzi kuti tizilombo tisaswane. Vuto la manyuchi okhathamira chonchi n'lakuti nthawi zina shuga amabwerera n'kukhala timiyala pansi pa botolo. Treacle uja amathandiza, ndipo supuni ziwiri za golden syrup (manyuchi a shuga a mtundu wagolide) zimathandizanso. Jinja azikhala wowiritsa ndithu, osafinyiramo madzi ake osaphika kumapeto kuti awawe, chifukwa madzi a jinja wamuwisi amadula mkaka wotentha. Jinja waufa amatchipa, koma amadetsa manyuchi ndipo amakhazikika pansi ngati matope. Ma cloves musachulutse, amaphimba zina zonse.

Mabotolo awiritseni, muthiremo manyuchi akadali otentha, mutseke pompo. Pakapepala kapabotolo lembani kuti azisungidwa mufiriji ndipo athe pasanathe milungu inayi. N'kutheka kuti angakhale kupitirira apo, koma musalonjeze miyezi itatu pa chinthu chomwe sichinayezedwe ku labotale. Taonani mmene mfundo imeneyi ikugwetsera pulani yanu: katundu wa milungu inayi simungamuphikiretu mu Okutobala n'kumudikiritsa. Muyenera kuphika pang'onopang'ono, mlungu ndi mlungu, mogwirizana ndi omwe aitanitsa.

Tsopano masamu. Manambala awa ndi ongoyerekeza, inu muikemo mitengo yomwe mupeze m'sitolo. Tinene kuti botolo lagalasi ndi chitsekerero chake ndi £1, zam'kati mwake 70p, kapepala ndi kaliboni 20p, gasi 10p. Botolo limodzi lakudyerani £2. Mukaligulitsa £5, mwatsala ndi £3, musanawerengere nthawi yanu. Mabotolo 60 akupatsani £180. Mukagula 200 n'kugulitsa 60 okhawo, £140 yagona m'mabotolo opanda kanthu pansi pa bedi mpaka chaka chamawa, ndipo phindu lenileni lomwe lili m'manja ndi £40. Ogulitsa mabotolo akamati amatchipa ukagula ambiri sakunama, koma kutchipako kumapindulira yekhayo amene adzawadzaze onse. Onaninso kuti chodula kwambiri pa katundu wanu ndi galasi, osati shuga. Ndiye uzani makasitomala kuti wobweza botolo mudzamuchotserako 50p pa lachiwiri.

Nthawi yanu iwerengeni moona. Mukasiya shifiti kuti muphike, yerekezani phindu la tsikulo ndi malipiro a shifitiyo. Kawirikawiri shifiti imapambana, makamaka masiku a Khirisimasi pamene malo ena amalipira zowonjezera. Phikani tsiku lopuma.

Pa mtengo, musapikisane ndi Monin. Kampani ya ku France imeneyi imagulitsa manyuchi a gingerbread m'mabotolo akuluakulu, ndipo pa mililita iliyonse manyuchi ake adzakhala otchipa kuposa anu nthawi zonse. Inu mukugulitsa mphatso: kabotolo kooneka bwino, kophikidwa ndi jinja weniweni, kochokera kwa munthu amene wogulayo amamudziwa. Muwauzenso kuti supuni imodzi yaikulu imakwanira kapu imodzi, choncho 250ml ndi makapu pafupifupi 16. Munthu amene amagula khofi wa gingerbread m'tauni akamva zimenezo amaona yekha kuti £5 si yambiri.

Za maoda, chitani chonchi. Kumayambiriro kwa Novembala tumizani uthenga m'magulu a WhatsApp a kutchalitchi ndi kuntchito, mutchule mtengo ndi masiku atatu okha operekera katundu. Amene akufuna alipiriretu, kapena apereke theka. Apa musachite manyazi. Anthu amene anayamikira manyuchi anu chaka chatha anawalandira ulere, ndipo kuyamikira chaulere n'kosavuta. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndalama zikalowa mudziwa kuti mugule mabotolo angati, n'kuwonjezerapo khumi a anthu ochedwa. Mukatero mpamba wanu wa £400 mwina simugwiritsa ntchito ngakhale theka.

Tebulo la pamsika ndiye ayi chaka chino. Misika ikuluikulu monga wa ku Birmingham kapena ku Manchester ndi ya anthu a mpamba waukulu, ndipo malo ake amagawidwa kukadali miyezi yambiri. Ngakhale misika ing'onoing'ono nthawi zambiri imafuna inshuwalansi yoteteza makasitomala, kuwonjezera pa ndalama ya tebulo. Ngati tebulo ndi £30, mabotolo khumi oyambirira mwagulitsira mwini msika. Kamsika ka pasukulu ya ana anu kapena ka m'holo ya tchalitchi, komwe tebulo n'lotchipa, mukhoza kuyesa kamodzi, mutanyamula fulasiki ya tiyi wamkaka kuti anthu alawe. Chinthuchi chimagulitsidwa ndi fungo.

Pali nkhani ya mapepala, ndipo imayamba inu musanayatse moto. Choyamba ndi viza yanu, poti simunanene kuti muli pa mtundu uti. Amene ali pa viza ya sukulu saloledwa kuchita bizinesi yawoyawo. Pa viza ya ntchito, monga ya Health and Care Worker, pali malire pa ntchito zapambali, ndipo malamulo ake amasinthidwa pafupipafupi. Werengani pa tsamba la boma la gov.uk kapena funsani mlangizi wovomerezeka wa za viza musanalandire ngakhale paundi imodzi. Phindu la £180 silingafanane ndi chilolezo chanu chokhalira m'dzikomo.

Viza ikalola, kalembetseni khitchini yanu ku khonsolo ngati bizinesi ya zakudya. Kulembetsa n'kwaulere, koma kuyenera kuchitika masiku 28 musanayambe kugulitsa. Ngati mukufuna kupereka katundu woyamba pa 15 Novembala, fomu ikhale itapita pofika pakati pa Okutobala. A khonsolo akhoza kubwera kudzaona khitchini, ndipo ku England amapereka malikisi a ukhondo kuyambira 0 mpaka 5. Ngati nyumbayo ndi ya lendi, funsaninso eni nyumba. Kuyambira pa 1 Okutobala 2021, pansi pa lamulo lodziwika kuti Natasha's Law, chakudya chomwe mwapakiratu n'kumagulitsa nokha chiyenera kukhala ndi dzina lake ndi mndandanda wa zonse zomwe mwaikamo, ndipo chilichonse mwa zinthu 14 zomwe zimawenga anthu chilembedwe mooneka. Manyuchi anu alibe tirigu, mazira kapena mtedza, koma werengani pa chitini cha treacle, chifukwa ena amakhala ndi ma sulphites, mankhwala oteteza zakudya kuti zisawonongeke, omwe ali pa mndandandawo.

Msonkho usakudetseni nkhawa panopa. HMRC, nthambi ya boma yotolera misonkho, imalola munthu kupeza mpaka £1,000 pa chaka cha msonkho kuchokera ku kabizinesi kapambali osalipira kanthu. Chakacho chimayamba pa 6 Epulo n'kutha pa 5 Epulo. Dziwani kuti £1,000 imeneyo ndi ndalama zonse zomwe zalowa, osati phindu, ndipo ngati mumagulitsanso zina monga mandasi kapena kuluka tsitsi, zonsezo zimaphatikizidwa. Sungani kabuku ndi malisiti.

Mchemwali wanu wa ku Limbe mumuphunzitse, koma asatengere kalendala yanu. Disembala ku Malawi ndi nyengo yotentha ndi yamvula, ndipo pa Khirisimasi anthu amafuna zoziziritsa kukhosi. Iye nyengo yake ya tiyi wotentha ndi Juni ndi Julayi, pamene chiperoni chawomba ku Blantyre. Dzina la gingerbread silingamugulitsire kanthu kumeneko, koma tiyi wa jinja aliyense amamudziwa. Achotse treacle ndi nutmeg, achulutse jinja, ndipo ayambe ndi kugulitsa tiyi wothira manyuchiwo pa kapu, osati mabotolo, chifukwa pakhomo pomwe magetsi amathimathima botolo lofuna firiji ndi katundu wovuta. Akadzafuna kuika m'mabotolo n'kumapereka m'masitolo, adzayenera kudzera ku Malawi Bureau of Standards kaye.