Zithunzi za pansi pa madzi zikukana kugwirana

Mnyamata wina wa ku Mchinji wandilembera imelo. Anajambula pansi pa damu la nsomba la bambo ake, zithunzi zolowana m'mbali, koma kompyuta ikamafuna madontho ofanana pa zithunzi ziwiri, mizere yolumikiza madonthowo ikungopingasana. Akuti, kodi asiye SIFT ayambe ORB? Ziwirizi ndi njira zimene kompyuta imapezera madontho ofananawo.

Achimwene, mwandigunda pachilonda.

Chaka china ndinachoka kuno ku Kasungu pa minibasi, kudutsa m'nkhalango ya Nkhotakota, kamera yobwereka ili m'chikwama. Tsiku lonse ndinali m'nyanja, msana kupsa ndi dzuwa. Nditabwerera ndinachezera pa laputopu. Madontho amene inapeza? Ambiri anali pa nsomba, zomwe pa chithunzi chachiwiri zinali zitasuntha kale. Otsalawo anali pa timizere ta dzuwa timene timavina pamchenga mafunde akamadutsa. Mchenga weniweniwo unali ngati ufa woyanika pamphasa, paliponse chimodzimodzi. Mayi anasuzumira n'kufunsa ngati ndapita kunyanja kukajambula chifunga. Ndalama ya thiransipoti ija imandiwawabe.

Ndinatukwana SIFT sabata yathunthu, koma inalibe mlandu. Njira imeneyi, imene katswiri wa makompyuta David Lowe anaitulutsa mu 1999, imagwira pamene kuwala ndi mdima zasiyana moonekera. Madzi amafufuta zimenezo. Mtundu wofiira umayamba kuzimirira m'mamita ochepa chabe, ndipo mukayatsa tochi, tizinyalala toyandama timabweza kuwala m'kamera momwemo. Nanga damu la bambo anulo, lomwe amathiramo manyowa dala kuti madzi abiriwire? Chambo chimakondwa, kamera imalira.

N'chifukwa chake zimandinyansa kuona anthu akusinthasintha mapulogalamu usiku wonse osayang'ana zithunzi zawo. ORB ndi yachangu, basi. Singaone chimene kamera sinaone.

Nanga muchite chiyani

Yandikirani pansi, ndipo chithunzi chilichonse chilowe m'chinzake kupitirira theka. Jambulani kukachita mitambo. Mu OpenCV, pulogalamu yogwira ntchito pa zithunzi, muwalitse zithunzi ndi CLAHE, njira yosiyanitsa bwino kuwala ndi mdima, musefe madontho ndi ratio test, yomwe imataya dontho ngati lafanana ndi madontho awiri pafupifupi chimodzimodzi, pa mlingo wa 0.8 monga anachitira Lowe, kenako RANSAC, njira yochotsa madontho osagwirizana ndi anzawo ambiri, itaye abodza otsala. Calibration, kutanthauza kuyeza mmene kamera yanu imaonera zinthu, muichitire m'madzi momwemo, chifukwa kuwala kumapindika kukamachoka m'madzi kulowa m'galasi. Ngati pansi pali matope okhaokha, ponyanimo zidutswa za njerwa kuti kompyuta ipeze pogwira. Koma muyambe mwapempha bambo anu, damulo ndi lawo.