Musanafunse ChatGPT za agogo anu, yambani mwafunsa azakhali

Achemwali, mwafunsa ngati ChatGPT kapena Meta AI ya pa WhatsApp ija ingakuthandizeni kutsata mzere wa makolo anu, poti agogo anu aamuna anachokera ku Mozambique n'kudzakhazikika kwa Tengani. Ingathandize, koma pa ntchito ina, osati imene mukuiganizirayo.

Makinawa amadziwa zokhazo zimene zinalembedwa. Mukawafunsa za Livingstone amene anakwera Shire mu 1859, za Amakololo amene anatsala kuno n'kukhala mafumu monga Kasisi ndi Chipatula, kapena za kachisi wa Mbona ku Khulubvi, akuyankhani zomveka ndithu. Nanga munthu wamba amene ankalima thonje, n'kumapha nsomba m'dambo la Ndindi, anamulemba ndani? Choopsa n'chakuti AI ikasowa yankho siikhala chete, imapeka. Ikupatsani dzina, mudzi ndi chaka, zonse zoyalidwa bwino, inu n'kukhulupirira kuti mwapeza agogo.

Palinso nkhani ya maina. Makinawa anazolowera mabanja achizungu, kumene dzina la bambo limatsika osasintha mpaka kwa zidzukulutudzi. Kwathu kuno mwana ankatenga dzina loyamba la bambo ake kukhala lachiwiri, ndiye m'badwo uliwonse dzina linkasintha. Wina ankapatsidwa lina pobatizidwa, wina n'kudzitcha lina polembetsa ku Wenela kuti akagwire ntchito m'migodi ya ku Joni. Kuwonjezera apo Amang'anja amawerenga mtundu kuchikazi, kudzera m'mbumba ndi malume, pamene Asena amatsata kuchimuna. Mabanja ambiri a ku Nsanje ndi ku Chikwawa ali ndi magazi onse awiri. Mukapanda kuifotokozera AI zimenezi, ikulumikizani ndi anthu achilendo chifukwa chongofanana dzina.

Ndiye yambani ndi anthu amoyo. Pitani kwa azakhali kapena kwa wamkulu aliyense amene watsala, muwajambule mawu pa foni. Musawafunse zaka, sangazitchule. Afunseni kuti pa njala ya 1949 anali msinkhu wanji, ngati makolo anaoloka pothawa ntchito yokakamiza ya Apwitikizi kapena nkhondo ya mfumu Makombe yolimbana ndi Apwitikizi mu 1917, kapena ngati ndi othawa nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique ija inatha mu 1992. Funsani mfunda, dzina la nyakwawa wa mudzi umene anachokera, ndi manda amene anaikidwa. Mawuwo mukawalembe nokha, chifukwa Chisena ndi Chimang'anja makinawa amazimva movutikira kwambiri.

Mukatero m'pamene AI imayamba kugwira ntchito. Ipatseni zimene mwalembazo, muiuze kuti isanje anthu m'mibadwo, ikuonetseni pamene nkhani ya azakhali ikusemphana ndi ya malume, ndipo isawonjezepo kanthu. Imachitanso bwino pa mapepala akale. Ngati m'sutikesi muli khadi la ubatizo lolembedwa m'Chilatini, kapena chikalata cha Chipwitikizi chochokera ku Mutarara kapena ku Morrumbala, jambulani chithunzi ikuwerengereni ndi kumasulira. Maina okha muwayang'anitsitse ndi maso anu, poti zolemba pamanja imaziphonya kawirikawiri. Kumbukiraninso kuti Apwitikizi amalemba "nh" pamene ife timalemba "ny", ndipo m'mapepala a atsamunda Nsanje mudzaipeza ngati Port Herald. Ingakulembereninso kalata yabwino yopita ku National Archives, kosungira zolemba zakale za dziko ku Zomba, kapena kwa abambo mfumu a parishi imene agogo ankapemphera. Mabuku a ubatizo nthawi zambiri amatchula makolo ndi mudzi, zinthu zimene boma silinkalemba. Paja zitupa za unzika tinalembetsa mwaunyinji mu 2017 mommuno.

Mapepalawo ajambuleni lero lomwe, muwasunge pa intaneti, mutumizenso kwa abale awiri kapena atatu. Tonse tinaona zimene madzi anachita mu 2015 ndi pa namondwe wa Freddy mu 2023.

Manambala a zitupa za abale amoyo musawalowetse m'makinawa. Ndipo ngati kuseri kwa funso lanuli kuli mkangano wa munda kapena wa ufumu, musakayerekeze kunyamula zolemba za ChatGPT kupita nazo kubwalo la amfumu. Kumeneko akakufunsani kuti anakuuzani ndani, ndipo akafuna munthu woti aimirire n'kuyankha.