Mulandireni mu timu, koma osati kuti azikakometsa benchi

Akochi, mwafunsa ngati n'koyenera kulandira mu timu yanu ya basketball mnyamata wa autism (vuto la kakulidwe ka ubongo lokhudza kucheza ndi kumvana ndi ena) amene amatseka makutu wezulo ikalira, ndipo sakuyang'anani m'maso mukamamulangiza. Mulandireni ndithu. Koma mudziwiretu kuti wofunika kusintha kwambiri ndinu, osati iyeyo.

Nkhani zotere zikabuka, ambiri amathamangira kutchula Jason McElwain. Mnyamata wa autism ameneyu anali wothandizira timu ya sukulu ya Greece Athena ku New York, wogawa madzi ndi matawulo. Mu February 2006 kochi wake, Jim Johnson, anamulowetsa kutatsala mphindi zinayi kuti masewero athe. Anaphonya kawiri, kenaka n'kugoletsa mapointi 20, kasanu ndi kamodzi akuponyera patali pa mzere wa mapointi atatu. Vidiyo yake imaliritsa anthu mpaka lero. Ine chimene chimandivuta n'chakuti luso limenelo silinatsike kumwamba tsiku lomwelo. Linalipo kale, likungosowa mpata. Ndiye wanuyo musamusungire mphindi zomaliza za gemu yomwe mwapambana kale kuti anthu aombe m'manja.

Kutseka makutuko si mwano. Ana ambiri a autism phokoso limawapweteka zenizeni, ndipo bwalo la basketball ndi laphokoso: wezulo, nsapato zikukwecha pansi, mpira ukudunda, anthu akukuwa. N'chifukwa chake bwalo la timu ya ku America ya Cleveland Cavaliers linatsegula chipinda chabata mu 2017, choti munthu akapumireko phokoso likamukulira. Inu simukusowa chipinda. Pa maphunziro, kwezani dzanja m'malo moimba wezulo, muloleni avale zotchinga m'makutu, ndipo mugwirizane malo amene angakakhale kaye osapempha chilolezo.

Malangizo azikhala afupi, limodzi limodzi. Mukati "tsegula bwalo" mwina sangamve chimene mukutanthauza. Muuzeni kuti "ima pamzere uwu", mumuonetse ndi thupi lanu. Ndondomeko ya tsiku izikhala yodziwika, ndipo ikasintha muuzeni pasadakhale. Za m'masozo zisiyeni, akumva. Mudzadabwa kuona kuti ana enawo nawonso ayamba kugwira msanga, poti makochife timalankhula zambiri mopitirira muyeso.

Musayembekezerenso kuti akhale katswiri kuti ayenerere malo. Inde, Tony Snell anasewera mu NBA, ligi yaikulu ya basketball ku America, zaka zambiri, n'kudzadziwa kuti ali ndi autism ali ndi zaka 31, mwana wake atapezeka nayo. Koma ana a autism ndi osiyanasiyana. Wina amaponya bwino, wina amangokonda kuthamanga ndi anzake, ndipo ameneyonso ndi wosewera.

Musanayambe, khalani pansi ndi makolo ake, ndi mwini wakeyo, muwafunse chimene chimamukhazika mtima pansi ndiponso ngati akufuna kuti anzake auzidwe. Akavomera, auzeni anawo mwachidule, ndipo muziyang'anitsitsa ngati akumupatsira mpira.