Kuhayala galimoto yoti itenge agogo ku Nsanje kupita ku Nchalo ndi kuwabweza tsiku lomwelo

Mayi ena amene amagwira ntchito ku Lilongwe anditumizira imelo yofunsa za ulendo wa mayi awo, ndipo popeza funso lawo limakhudza anthu ambiri a kuno ku chigwa cha Shire amene akukhala kutali ndi makolo, ndaona kuti ndiliyankhe pano pamene ena angawerengenso. Akuti mayi awo, amene ndiwatchule kuti agogo, ali ndi zaka zoposa 70, amavutika mawondo komanso BP, amakhala pa boma la Nsanje, ndipo akufunika ku chinkhoswe cha mdzukulu wawo ku Nchalo Loweruka lina kumayambiriro kwa Disembala. Mayiwa sangathe kubwera kudzawatenga okha. Akufuna kudziwa ngati n'chanzeru kuhayala galimoto pamodzi ndi dalaivala wake kuti awatenge m'mawa ndi kuwabweza madzulo, mtengo woyenera ungakhale wotani, ndiponso mmene angadziwire kuti munthu amene akum'patsa kholo lawo ndi wodalirika.

Mayi, hayalani ndithu. Kuchokera pa boma la Nsanje kufika pa Nchalo ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 100 pa msewu wa M1, kudutsa pa Tengani, Bangula, Sorgin, Ngabu ndi Miseufolo, ndipo galimoto yaing'ono yosaima m'njira imatha kuyenda mtundawu m'maola osafika awiri ngati msewu uli bwino. Pa minibasi kapena pa Sienta (galimoto yaing'ono ya Toyota) yokwera aliyense ulendo womwewo umatha kudya m'mawa wonse, chifukwa galimotoyo sinyamuka isanadzaze, imaima pa siteji iliyonse, ndipo anthu akachepa pa Bangula kapena pa Ngabu kondakitala amangokugulitsani ku galimoto ina, inu n'kutsika ndi katundu kukayambanso kudikira. Munthu wamphamvu zake amapirira zimenezi. Koma kumayambiriro kwa Disembala kuno kumakhala kukutenthabe kwambiri, ndipo dera la Ngabu limadziwika kuti m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40, choncho kukhazika munthu wachikulire wa BP m'galimoto yoima padzuwa, atapanikizana anayi pampando wa anthu atatu, si chinthu chimene ndingalangize.

Za mtengo sindilemba chiwerengero cha makwacha, chifukwa chimene ndingalembe lero chikhoza kukhala chosathandiza pofika tsikulo. Kuchokera pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya mayendedwe yakhala ikusintha kawirikawiri, ndipo nthawi iliyonse imene bungwe la MERA lalengeza mtengo watsopano wa mafuta, madalaivala amasintha yawo tsiku lomwelo. Chimene sichisintha ndi mmene dalaivala amawerengera m'mutu mwake, ndipo mukachidziwa chimenechi mukambirana naye ngati munthu wodziwa. Iye amayamba ndi ndalama imene akanapeza akanakhala pa siteji tsiku limenelo. Sienta ili ndi mipando 7, kutanthauza okwera 6 kupatula iye mwini, ndiye amatenga mtengo wa munthu mmodzi kuchokera ku Nsanje kufika ku Nchalo, n'kuuchulukitsa ndi mipando imeneyo, kupita ndi kubwera. Inuyo funsani wachibale wa ku Nsanje kuti mtengo wa munthu mmodzi uli pati sabata imeneyo, ndipo muwerengere chimodzimodzi. Kenaka yesani njira yachiwiri ya mafuta. Galimoto yaing'ono yotere, ikakhala yakale ndipo yanyamula anthu, imatha pafupifupi lita imodzi pa makilomita 10 mpaka 12, ndiye pa makilomita 200 opita ndi kubwera muwerengere malita 20 kuti musaperewere. Pamwamba pa mafutawo pamabwera ndalama imene dalaivala ayenera kukapereka kwa mwini galimoto tsiku limenelo, poti ambiri galimoto si zawo, ndi yake ya thukuta. Mtengo wachilungamo umagwera pafupi ndi mawerengero awiriwa, ndipo wina akakutchulirani wotsika kwambiri kuposa pamenepa, dziwani kuti wakonza kale kubweza ndalama yotsalayo potola anthu m'njira.

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa mikangano yambiri ya hayala imachokera pa zinthu zimene anthu sanazitchule ponyamuka. Pa ulendo ngati wa agogo, chimene mukulipira kwenikweni ndi tsiku lonse la munthu, kuyambira m'mawa mpaka chinkhoswe chitatha, ndipo chinkhoswe chimene chalembedwa kuti chiyamba 1 koloko tonse tikudziwa nthawi imene chimayambadi. Dalaivala amene mwagwirizana naye zongopita ndi kubwera, osatchula za maola odikira, akafika ku Nchalo amaona kuti ali ndi ufulu wothamangira pa Dyeratu kapena kubwerera pa Ngabu ndi anthu angapo, akuti abwera msanga. Nthawi zambiri amabweradi, koma mochedwa, mdima uli pafupi, ndipo nthawi zina amaimba foni kuti tayala laphulika ali kutali. Choncho muuzeni momveka kuti galimoto ikhala pamalo a chinkhoswe mpaka agogo atanena kuti tiyeni, ndipo mtengo umene watchula ukhale ndi kudikirako m'kati. Muuzeninso kuti m'galimotomo mukwera anthu okhawo amene inu mwawatchula. Mawu amene madalaivala amakonda ndi oti, "Agogo, tingowathandizako awa, atsikira pa Sorgin pompa," ndipo munthu wachikulire woleredwa mwaulemu sangakane, makamaka wopemphayo akakhala mayi wobereka mwana kumbuyo. Akangovomera kamodzi, pofika pa Ngabu agogo ali pakona, thumba la makala lili pamiyendo. N'chifukwa chake ndikuona kuti agogo asayende okha. Pakhale mdzukulu kapena mphwanu wa pakamwa polimba, wokhala ndi foni yachaji ndi mayunitsi, amene angakane m'malo mwawo popanda kuchita manyazi.

Nkhani ya mafuta ili ndi mbali inanso. M'zaka zapitazi mafuta akhala akusowa m'dziko muno mobwerezabwereza, ndipo akasowa, malo omwetsera mafuta a kuno kuchigwa amauma msanga, anthu n'kumadalira a m'zigubu amene mavenda amagulitsa pamtengo wokwera, mwina osakaniza ndi zina. Gwirizanani kuti galimoto imwe mafuta a ulendo wonse Lachisanu, ndipo wachibale wanu aone geji ndi maso ake asanakweze agogo. Ngati dalaivala wapempha ndalama ya mafuta pasadakhale, sikulakwa, popeza ambiri sakhala ndi ndalama yodzazira thanki. Tumizani gawo limenelo lokha pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ku nambala yolembetsedwa m'dzina la dalaivalayo, kuti uthenga wotsimikiza ukhale umboni wanu, ndipo yotsalayo mutumize agogo akalowa m'nyumba mwawo ku Nsanje. Zonse zimene mwagwirizana zilembedwe mu uthenga wa pa WhatsApp kapena wa pafoni wamba, iye ayankhe kuti wavomera.

Tsopano za kupeza munthu wodalirika. Ndingakonde kuti mutenge dalaivala wa ku Nsanje komweko kusiyana ndi woitanitsa kuchokera ku Nchalo kapena ku Blantyre. Chifukwa choyamba n'cha ndalama, poti wa ku Nchalo ayenera kuyenda wopanda munthu kukawatenga agogo m'mawa, n'kubwereranso wopanda munthu usiku, ndiye mulipira maulendo anayi m'malo mwa awiri. Chifukwa chachiwiri n'chachikulu kuposa pamenepo. Dalaivala amene amakhala pa boma pomwepo, amene mkazi wake amagula pamsika umodzi ndi abale anu, ndipo wapampando wa pa siteji amam'dziwa dzina ndi kwawo, ali ndi mbiri yoti aiteteze, ndipo mawa adzakumanabe ndi agogo panjira. Funsani kwa anthu amene amahayala kawirikawiri, monga akuluakulu a mpingo amene amayendetsa maukwati ndi maliro, aphunzitsi, kapena anamwino a pachipatala cha boma, ndipo dzina limene lituluke kwa anthu awiri osiyana ndilo muyambe nalo. Nambala zimene zimaponyedwa m'magulu a pa Facebook ndi WhatsApp zikhoza kukhala za anthu abwino, koma pamenepo mulibe wina woti mukam'funse zinthu zikasokonekera. Safunsa anadya phula.

Mukam'peza, wachibale wanu apite akaione galimotoyo masana, tsiku la ulendo lisanafike. Aone laisensi ya dalaivala, ndipo dzina ndi nkhope zigwirizane ndi munthu amene adzabwere m'mawa wa Loweruka, chifukwa pali chizolowezi chogwirizana ndi wina kenaka n'kutumiza mnyamata wake wongophunzira. Pagalasi lakutsogolo pamakhala timapepala tomata ta COF, totsimikiza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ndi ta inshulansi, ndipo masiku ake othera amalembedwa pomwepo. Galimoto yololedwa kunyamula anthu olipira imakhala ndi nambala ya zilembo zofiira, ndipo dalaivala wake amayenera kukhala ndi chiphaso chapadera cha PrDP chochokera ku nthambi ya Road Traffic. Ndikudziwa kuti galimoto zambiri zimene zikuchita hayala kuno zilibe nambala yofiira, ndipo anthu amakwera tsiku ndi tsiku. Komabe muyenera kudziwa kuti inshulansi ya galimoto yoyendera mwini wake nthawi zambiri siteteza munthu amene wakwera molipira, ndiye ngozi itachitika mukhoza kupeza kuti palibe chipukutamisozi, komanso apolisi a pamsewu akaigwira, agogo ndi amene angakhale padzuwa nkhani ikukambidwa.

Mapepala akakhala bwino, ayang'ane matayala onse anayi ndi la sipeya lomwe. Phula la kuno masana limatentha moti tayala lakutha, limene waya wayamba kuonekera m'mbali, silichedwa kuphulika, ndipo sipeya yopanda mpweya kapena yopanda jeke ilibe ntchito. Atsegule chitseko chotsetsereka cha kumbuyo aone ngati chimatseguka chokha popanda kuchimenya ndi phewa, ayese kutsitsa magalasi, popeza m'galimoto zambiri zakale makina oziziritsa anafa kalekale ndipo mphepo ya pawindo ndiyo yokhayo imene agogo adzapume nayo. Kwa munthu wa mawondo, Sienta kapena galimoto ina yotsika ndi yabwino kuposa pikapu yaitali yofuna kukwera ngati pachulu.

Kunyamuka kukhale cha m'ma 6 koloko m'mawa kusanatenthe, ndi madzi akumwa okwanira, mankhwala a BP ali m'chikwama cha m'manja. Chimene ndikuumirira kwambiri ndi nthawi yobwerera. Msewu uwu usiku ndi woopsa pa zifukwa zimene mlendo sangaziganizire. Chigwa chino ndi dera la ng'ombe zambiri, ndipo madzulo zimadutsa msewu pobwerera ku makola, makamaka cha ku Ngabu ndi Bangula, zina zakuda zosaoneka mpaka utaziyandikira. Palinso ngolo zopanda nyali, njinga za kabaza zonyamula anthu awiri awiri, ndi anthu oyenda m'mphepete mwa phula pochokera kumsika. M'Disembala dzuwa limalowa itangopitirira 6 koloko, choncho galimoto inyamuke ku Nchalo isanakwane 4 koloko, ngakhale perekaniperekani asanathe. Ngati agogo sangalole kuchoka mwambo uli pakati, ndi bwino agone ku Nchalo kwa abale, ndipo mugwirizane ndi dalaivala kuyambira pachiyambi za malo ake ogona ndi chakudya, kapena abwerere n'kudzawatenga Lamulungu pamtengo wodziwika kale.

Mvula muiganizirenso. Kumayambiriro kwa Disembala nthawi zambiri imakhala itangoyamba kumene, ndipo madzi osefukira aakulu amene tawaona anabwera pambuyo pake, monga a Januwale 2015, a namondwe Ana mu Januwale 2022 amene anadula msewu wa M1 m'boma la Chikwawa, ndi a namondwe Freddy mu Malichi 2023. Komabe mitsinje yochokera kumapiri a kumadzulo, monga Lalanje ndi Thangadzi, imene miyezi yambiri imangokhala mchenga wokhawokha, imatha kudzaza m'maola ochepa mvula itagwa kumtunda kuno kuli ng'aa. Mumuuze dalaivala kuti akapeza madzi akuyenda pamwamba pa msewu adikire, ndipo kuti ola lodikiralo mulipira, chifukwa wothamangira kukamaliza tsiku lake ndi amene amayesa kuwoloka. Mverani zanyengo pa wailesi Lachinayi ndi Lachisanu, ndipo mugwirizane kuti ulendo ukalephereka chifukwa cha msewu, ndalama ya mafuta idzagwira ntchito pa tsiku lina.

Kwa owerenga ena amene makolo awo ali kutsidya la kum'mawa kwa Shire, ku Makhanga kapena ku Muona, mawerengero onsewa asintha. Chidukireni njira ya pakati pa Bangula ndi Chiromo mu 1997, anthu amawoloka pa Mtayamoyo ndi mabwato, ndipo galimoto yofuna kufika kutsidyako imazungulira ku Thabwa, ulendo wautali pa msewu umene m'dzinja umavuta, moti dalaivala amawonjezera mtengo chifukwa cha kuwonongeka kwa galimoto.

Chotsala n'chaching'ono. Dalaivala amene wadikira tsiku lonse pa chinkhoswe ayenera kupatsidwa mbale ya chakudya ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi ngati mlendo wina aliyense, ndipo mupemphe mmodzi wa ankhoswe kapena wachibale wa ku Nchalo kuti aonetsetse zimenezo. Yemweyo ayang'anirenso kuti achinyamata okondwa asam'patse mowa, ndipo agogo asanakwere pobwerera, alankhule naye pafupi kwa kamphindi kuti atsimikize kuti sanamwe.