Makaniko wachotsa thermostat: ndigule ina kapena ndisiye?

Wowerenga wina wanditumizira imelo. Galimoto yake inkatentha kwambiri, makaniko anachotsa thermostat, kachipangizo kowongolera kutentha kwa injini, n'kuitaya. Tsopano kasingano koonetsa kutentha kakungokhala pansi, mafuta akutha msanga, koma pokwera mtunda wautali madzi akuwirabe. Akufunsa ngati agule ina, komanso mmene angayesere thermostat ya pakhoma ya m'nyumba.

Gulani ina, achimwene. Makaniko amene amataya thermostat n'kumati kumalo otentha ilibe ntchito sanakonze kanthu, wangophimba matenda.

Mkati mwa thermostat muli phula. Injini ikadali yozizira, vavu yake imatseka njira ya ku radiyeta kuti madzi azizungulira m'injini momwemo. Akafika pa madigiri olembedwa pa thermostatyo, kawirikawiri 82 kapena 88, phula limasungunuka n'kufufuma, limakankha kandodo, vavu n'kuyamba kutseguka. Imatsegukiratu kutentha kukakwera ndi madigiri ena 10 mpaka 15. Injini imafuna kugwira ntchito pa madigiri pafupifupi 90, kaya kunja kuli dzuwa kapena chisanu. Ikakhala pansi pa apo, kompyuta ya galimoto imaona ngati sinatenthe ndipo imapitiriza kuthira mafuta ambiri. Mafuta anu akupita kumeneko. Oyilo nayenso satentha mokwanira kuti chinyezi chiume, ndiye amasanduka matope, ndipo masilinda amaperepeseka msanga. Magalimoto ambiri amayatsa nyali ya injini n'kusunga mu kompyuta nambala ya vutoli, P0128.

Nanga n'chifukwa chiyani ikuwirabe pa mtunda? Ma thermostat ambiri ali ndi kambale kachiwiri kumunsi. Vavu ikatseguka, kambaleka kamatseka njira yachidule imene imabwezera madzi m'injini osadutsa ku radiyeta. Mukaichotsa, njirayo imakhala pululu, ndipo madzi ena otentha safika n'komwe ku radiyeta.

Komanso mwina vuto loyamba silinali thermostat. Onani chivindikiro cha radiyeta: chimayenera kusunga mphamvu ya 0.9 kapena 1.1 bar, monga mwalembedwera pamwamba pake, ndipo labala yake ikatha madzi amawira msanga. Onani ngati fani ikuyaka injini ikatentha galimoto itaima. Kutentha mumsewu wothinana kenako n'kuzizira mukathamanga, kumeneko ndi fani. Kutentha pa mtunda kapena pa liwiro kumaloza radiyeta yotsekeka kapena pampu ya madzi yodyeka zipsepse. Thovu losaleka mu radiyeta, madzi kutha popanda podontha, utsi woyera kumbuyo, pamenepo kayezetseni gasiketi ya pamutu pa injini.

Ndipo lekani kuthira madzi apampopi okhaokha. Chizolowezi chimenechi ndicho chimadzaza dzimbiri mu radiyeta n'kumangitsa thermostat. Sakanizani coolant, mankhwala othira mu radiyeta, ndi madzi oyeretsedwa opanda mchere (distilled), theka ndi theka, ngati sinabwere yosakaniza kale.

Kuyesa ndi kuika

Amene thermostat yanu ikadalimo, yatsani injini yozizira n'kugwira paipi yotuluka m'injini kupita pamwamba pa radiyeta, manja kutali ndi fani ndi lamba. Iyenera kukhala yozizira kwa kanthawi, kenako n'kutentha mwadzidzidzi kasingano kakayandikira pakati. Ikamafunda pang'onopang'ono kuchokera pachiyambi, vavu yamangika chotsegula. Kasingano kakakwera kufiira radiyeta ili yozizira, yamangika chotseka, zimitsani injini nthawi yomweyo. Musatsegule chivindikiro injini ili yotentha.

Kuti mutsimikize, ichotseni, imangeni ndi waya m'poto wa madzi osaigunditsa pansi, ikanimo choyezera kutentha n'kuyatsa moto. Iyambe kutseguka pafupi ndi nambala yake, madzi akamawira ikhale itakwera mamilimita pafupifupi 8, ndipo ikazizira itsekeke yonse. Yatsopanonso iyeseni chimodzimodzi musanaiike.

Poika, mbali ya sipuling'i iloze m'injini. Ngati ili ndi kabowo kokhala ndi kachitsulo kogwedera, kakhale pamwamba kuti mpweya uzituluka. Ikani gasiketi yatsopano, ndipo mabawuti ang'onoang'onowo musamange mwamphamvu, nyumba yake imasweka. Dzazani madzi osakaniza ndi coolant aja, tsegulani hita mpaka pamapeto, injini ilire mpaka fani iyake. Ikazizira onjezerani madzi, chifukwa mpweya wotsalira umatenthetsa injini monga imachitira thermostat yakufa.

Mwafunsanso za thermostat ya pakhoma yoyendetsa makina otenthetsa nyumba. Yambani ndi mabatire, kenako onani ngati siili padzuwa kapena pafupi ndi khomo lolowa mphepo, chifukwa imawerenga molakwika. Pa makina a 24 V, zimitsani magetsi, lumikizani waya wa polembedwa R ndi wa polembedwa W kuseri kwa thermostatyo, muyatsenso. Makina akayaka, yafa ndi thermostat. Akapanda kuyaka, vuto lili m'mawaya kapena m'makinamo. Ngati thermostat yanu imayendera 230 V, kuyesa kumeneko kusiyireni wamagetsi.