Mwana wanga akufuna kuweta chule wa ku Vumba

FUNSO: Mu Disembala tinapita ku mapiri a Vumba, kum'mawa kwa Zimbabwe, ndi amayi a mvano. Madzulo, m'mbali mwa kamtsinje, mnyamata wanga wazaka 11 anaona chule wobiriwira wa timadontho tachikasu atakhala patsamba, zala zake zili ndi timabatani kunsonga. Mpaka lero sakundipumitsa, akuti tikapitanso tikamutengere m'botolo adzamuwete kuno. N'zotheka?
Mayi wa ku Mufakose, Harare

YANKHO: Amayi, mwanayo ali ndi maso akuthwa, mumuyamikire. Koma botololo ayi, chonde.

Malinga ndi mmene mwafotokozeramu, ndikuganiza kuti ndi chule wa m'mitengo amene akatswiri amamutcha Leptopelis flavomaculatus. Amapezeka m'nkhalango za kum'mawa kwa Zimbabwe, ku Mozambique ndi kwathu ku Malawi. Akadali wamng'ono amakhala wobiriwira ndi madontho amenewo, akakula nthawi zambiri amasanduka wakhofi. Timabatani tija timatulutsa timadzi tonanda, n'chifukwa chake amamatirira patsamba loterera mvula ili wawawa, osagwa. Ine ndinamuonapo ndili mnyamata ku Mulanje, nditawalitsa tochi. Diso lake linali ngati la mphaka, kamzere kakuda koimirira pakati. Ndinaiwala ndi madzi amene anandituma.

Chule amapumanso ndi khungu, ndipo khungulo likauma moyo wathera pompo. Ku Vumba nkhungu imanyowetsa masamba usiku ndi m'mawa. Ku Mufakose mu Okutobala mukudziwa nokha mmene malata amatenthera. Ngakhale sopo kapena mafuta odzola a m'manja mwathu amalowa pakhungupo. Kuswana kwakenso n'kovuta: mazira amaikira m'dothi lonyowa pafupi ndi madzi, mbululu zikaswa zimadzikhwekhwereza mpaka kukalowa mumtsinje. Zimenezo m'botolo la chakumwa cha Mazoe mulibe.

Achule a m'mapiri ena ndi osowa zedi. Kachule ka ku Chimanimani kotchedwa Arthroleptis troglodytes kanaoneka mu 1962, kenako zii, mpaka kanadzapezekanso mu 2016. Zikatere, aliyense akamapita n'kumatolako mmodzi, mtima wanga umandipweteka.

Mwanayo musamugwetse mphwayi. Mvula ikayamba, mupite naye kudambo la Monavale kapena ku Mukuvisi Woodlands, komweko ku Harare, dzuwa litapendeka. Pamabango pamakhala tiachule tating'ono tokongola, tokhalanso ndi timabatani m'zala, tolira mokweza kuposa msinkhu wake. Atenge tochi ndi kope loti azijambulamo, ndipo avale nsapato zotseka, poti pamene pali achule njoka sizisowa.