Kwa achemwali ofunsa mapulogalamu oti amayi aziwonera masana

Achemwali, mwati amayi anu apuma pa ntchito, masana akungokhala pa TV, ndiye mukufuna mapulogalamu a zophika, ntchito zamanja, zakudimba ndi ziweto oti muwaikire. Funso lanu landikhudza chifukwa kunyumba kwathu kuli amayi aang'ono amene anadutsa momwemo, ndipo zimene ndilembe pano tinawonera limodzi.

Muyambe ndi Shamba Shape Up. Ndi ya ku Kenya, inayamba mu 2012 pa Citizen TV, ndipo zigawo zake zambiri zili pa YouTube, zina m'Chingerezi zina m'Chiswahili. Owulutsa amafika pakhomo pa mlimi wamba, wa kamunda kakang'ono, nkhuku zingapo ndi ng'ombe imodzi ya mkaka, n'kuyamba kuzungulira naye kuona pomwe pakuvuta: khola lamatope, chimanga chofumbwa, nthaka yoguga. Kenako amaitana alangizi n'kukonza zinthuzo mwini wake akuona, naye akugwira nawo. Chimene ndimaikondera n'chakuti dothi lake ndi lofiira ngati lathu, khasu lake lomweli, mavuto ake ndi omwe timagona nawo ife, anankafumbwe, ntchemberezandonda, chitopa. Anthu omwewo anapanganso ina ku Zambia yotchedwa Munda Make Over, mungaifufuzenso. Mungosamala pamodzi: makampani ogulitsa mbewu ndi mankhwala amathandizira mapulogalamuwa, choncho dzina la mankhwala likatchulidwa, amayi afunse kaye alangizi akwanuko asanatulutse ndalama.

Tsiku limene amayi aang'ono anawonera chigawo cha manyowa a kompositi sindiliiwala. Pulogalamu isanathe n'komwe anali atamanga kale chitenje m'chiuno. Kuseri kwa nyumba anayala mapesi odulidwa, pamwamba masamba aawisi, kenako zitosi za nkhuku, phulusa la pambaula pang'ono, kuwaza madzi, n'kubwerezanso mpaka mulu unafika m'chiuno. Pakati anazika ndodo. Patatha masiku angapo anandiitana m'mamawa, anazula ndodo ija n'kundigwiritsa kunsonga. Inali yofunda ngati yachokera pamoto. "Akupsa," anatero, nkhope ili ngwee. Repu amene tinadya chaka chimenecho anachokera pamulu umenewo. Pulogalamu yoyenera munthu amene wangopuma pa ntchito ndi yotere, yomudzutsa pampando.

Ya zamaluwa ndi ndiwo zamasamba imene ili yokoma m'maso ndi Gardeners' World ya BBC. Ndi yakalekale, inayamba mu 1968, ndipo amene akuitsogolera zaka zambirizi ndi Monty Don, akujambulira m'munda mwake ku Longmeadow, m'dera la Herefordshire. Amalankhula mofatsa, agalu ake akumutsatira pambuyo, manja ali dothi lokhalokha. Koma amayi muwauziretu kuti nyengo za ku Britain n'zotembenuka ndi zathu. Iye akamati fesani mu March kapena April, ndiye kuti kwawoko chisanu chikutha, pomwe kuno mvula ikukata ndipo tikulowa m'nyengo yozizira. June ndi July kwa iwo ndi miyezi yotentha. Kwa iye atengeko luso: kudulira mitengo, kuwokera mbande osavulaza mizu, kudula kanthambi n'kukabzala kuti kamere. Nthawi yofesera ikhale yakwathu, nazale ya mpiru, repu, kabichi ndi anyezi mvula ikangotha.

Pa zophika ndingatchule Siba's Table ya Siba Mtongana, mayi wa ku South Africa, imene inkaonetsedwa pa Food Network. Zambiri zimene amaphika zimapezeka m'misika yathu, nkhuku, nsomba, mbatata, chimanga, tsabola. The Great British Bake Off, yomwe inayamba mu 2010, ndi mpikisano wophika makeke ndi buledi. Imasangalatsa, koma siphunzitsa kwenikweni chifukwa amathamanga ndi nthawi, komanso batala ndi kirimu amene amathira sitingawakwanitse tsiku ndi tsiku. Ngati pakhomo palibe uvuni asagwe mphwayi. Poto wamkulu, mchenga pansi pake, chitini cha keke pamwamba pa mchengawo, makala pang'ono pansi ndi ena pachivundikiro, monga tichitira ndi chigumu, keke imapsa bwinobwino. Akamva magalamu asadodome, kapu imodzi ya ufa wa tirigu ndi magalamu pafupifupi 125.

Ngati pali makina osokera amene akungochita fumbi pakona, muwaikire The Great British Sewing Bee, ya BBC yomweyo, inayamba mu 2013. Pachigawo chilichonse pamakhala nthawi imene osoka amapatsidwa chovala chakale kuti achisandutse china chatsopano. Kwa ife a kaunjika, pamenepo ndiye pali phunziro lenileni: malaya aakulu aamuna kusanduka diresi la mwana, jini yong'ambika m'mawondo kusanduka chikwama, zidutswa za chitenje kukhala kolala ndi matumba.

Za ziweto ndilankhulepo mosapita m'mbali. The Incredible Dr. Pol, ya dokotala wa ziweto wa ku Michigan, ndi yabwino chifukwa sathera pa agalu ndi amphaka okha, mumaonanso ng'ombe yovutika kubereka, mbuzi ndi mahatchi, ngakhale zina zimaonetsa magazi ndipo si onse angapirire. Koma mapulogalamu ambiri a agalu akunjawa amatha nthawi pa kuphunzitsa galu kukhala pansi ndi kumupesa ubweya, osanenapo za chimene chimapha anthu kuno, chiwewe. Ngati amayi akufuna kagalu kowasungulutsa, choyamba ndi katemera wa chiwewe, ndipo azibayitsa chaka ndi chaka. Ku Blantyre bungwe la Mission Rabies lakhala likubaya agalu mwaulere kuyambira mu 2015, kwina mufunse ku ofesi ya zaulimi. Munthu akalumidwa, atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuona ngati galuyo ayambe misala. Izi muwauze ndi pakamwa panu, pa TV sakazimva.

Musawaunjikire zonse nthawi imodzi. Mukapeza intaneti yotsika mtengo, koperani zigawo zitatu kapena zinayi pafoni kapena pa fulashi, kuti netiweki ikavuta asasowe chowonera. Chigawo choyamba mukhale nawo pambali, chifukwa Chingerezi cha ena mwa anthuwa n'chothamanga, ndipo muwagulire kope loti azilembamo miyezo. Mundiuzenso ngati pakhomopo pali mpopi kapena chitsime, komanso malo otsala kuseri ndi aakulu bwanji. Akakhala ochepa, pali njira yobzala masamba m'matumba imene ndingakulongosolereni.